Mapulogalamu ofulumizitsa AI ngaulere, nanga wa ku Kawale ayambire pati?

Mu February 2020, pomwe Amalawi adali kalikiliki kukambirana za chigamulo cha khoti chothetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, kampani ya Microsoft ya ku America idaika pa intaneti pulogalamu yotchedwa DeepSpeed kuti aliyense woifuna aitenge osalipira ngakhale tambala. Ndi ochepa m'dziko muno omwe adaimva nkhaniyi, ndipo palibe angawadzudzule.

Koma kuyambira mu November 2022, pomwe ChatGPT idatulukira poyera, nkhani ya AI, yomwe ena amaitcha nzeru zopangidwa, yafika mpaka m'makwalala a mzinda wa Lilongwe. Ophunzira ku Area 25 amaifunsa mafunso a kusukulu, ofuna ntchito ku Area 23 amailembetsa makalata. M'timashopu tokonzera mafoni ku Kawale ndi ku Biwi, momwe achinyamata adazolowera kale kumasula laputopu n'kuibwezeretsa, ena ayamba kufunsa funso lokulirapo: kodi ifenso sitingaphunzitse kompyuta kumva Chichewa, kapena kuzindikira matenda a chimanga pongoona chithunzi?

Apa ndi pomwe DeepSpeed ndi mapulogalamu ena onga iyo akulowera, chifukwa amatsitsa mtengo wa ntchito yomwe kale inkatheka ndi makampani a mabiliyoni okha. Chofunika kuunika n'chakuti kodi mtengowo watsika mpaka kufika m'thumba la mtsikana kapena mnyamata wa ku Chinsapo, yemwe magetsi ake ngothimathima, bandulo yake ngowerengera, ndipo madola amangowamva pawailesi.

Chimachedwetsa n'chiyani?

Njira yomwe imayendetsa ChatGPT ndi anzake imatchedwa deep learning. M'malo mouza kompyuta malamulo mmodzimmodzi, munthu amaionetsa zitsanzo zambirimbiri. Akafuna kuti izidziwa tsamba la chimanga lomwe lagwidwa ndi mbozi, amaionetsa zithunzi masauzande za masamba odwala ndi abwinobwino. Kompyuta imalota yankho, ikaphonya imakonzedwa, n'kulotanso, mpaka kuphonyako kuchepe.

Chomwe chimatuluka pamaphunzirowa amachitcha model. M'kati mwake mulibe china koma manambala, mamiliyoni kapena mabiliyoni, ndipo ulendo uliwonse kompyuta ikaphonya, manambala onsewo amasunthidwa pang'ono. Masamu ake ngosavuta, kuchulukitsa ndi kuwonkhetsa basi, koma ngochuluka moti laputopu wamba ingatenge miyezi kapena zaka kuti imalize.

N'chifukwa chake ntchitoyi imachitikira pa kachipangizo kotchedwa GPU, komwe poyamba kadapangidwira masewero a pakompyuta. GPU imachita masamu ang'onoang'ono masauzande panthawi imodzi. Mu 2012, Alex Krizhevsky, Ilya Sutskever ndi Geoffrey Hinton a pa yunivesite ya Toronto ku Canada adagwiritsa ntchito ma GPU awiri okha a masewero kuphunzitsa model yozindikira zithunzi yotchedwa AlexNet. Idawatengera masiku osakwana sabata, ndipo idagonjetsa njira zina zonse pampikisano wa chaka chimenecho. Kuyambira pamenepo, GPU idasanduka khasu la ntchito imeneyi.

Vuto n'lakuti GPU ili ndi malo ochepa osungira zomwe ikugwirapo ntchito, omwe amatchedwa memory. Akatswiri omwe adapanga DeepSpeed adawerengera kuti pophunzitsa model mwa njira yodziwika, nambala iliyonse imafuna malo okwana mabaiti 16, chifukwa pambali pa nambalayo pamasungidwanso zolembera za momwe iyenera kusunthira. Izi zikutanthauza kuti model ya manambala biliyoni imodzi imafuna 16GB isanayambe n'komwe kuwerenga chitsanzo choyamba. Model yotere lero amaiona ngati yaing'ono.

GPU yaikulu si yoti munthu n'kukaipeza mumsika wa Lilongwe. Mu 2023, imodzi ya mtundu wa A100 yopangidwa ndi kampani ya Nvidia inkagulitsidwa pafupifupi madola 10,000.

Zomwe laibulaleyi imachita

Anthu olemba mapulogalamu amatcha DeepSpeed kuti laibulale. Si laibulale ya mabuku ngati ya National Library Service. Ndi mtolo wa malangizo a kompyuta omwe ena adalemba kale, woti munthu amangoulumikiza ku pulogalamu yake m'malo moyamba kulemba zonse yekha. DeepSpeed imagwira ntchito pamwamba pa laibulale ina yotchuka, PyTorch, yomwe idachokera ku kampani ya Facebook.

Nzeru yake yaikulu imatchedwa ZeRO. Kale, munthu akakhala ndi ma GPU asanu ndi atatu, GPU iliyonse inkasunga model yonse ndi zolembera zake zonse. Zinali ngati anthu asanu ndi atatu, aliyense atasenza denga lakelake la nyumba imodzimodziyo. ZeRO imagawa katunduyo kuti GPU iliyonse isenze gawo lake, n'kumabwerekana zomwe ikufuna panthawi yomwe ikuzifuna. Akulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga. Ndi njirayi, Microsoft idaphunzitsa model ya manambala 17 biliyoni yotchedwa Turing-NLG, yomwe idalengezedwa limodzi ndi DeepSpeed mu 2020.

Nzeru yachiwiri ndi ya yemwe ali ndi GPU imodzi yokha. Imatchedwa ZeRO-Offload, ndipo imachotsa katundu wina mu GPU n'kukamusungitsa mu memory wamba ya kompyuta, ngati munthu wosungitsa matumba a chimanga kwa neba chifukwa nyumba yake yachepa. Mu 2021, omwe adaipanga adalemba kuti adakwanitsa kuphunzitsa model ya manambala 13 biliyoni pa GPU imodzi, pomwe popanda njirayi GPU yomweyo inkathera pa 1.4 biliyoni.

Nzeru yachitatu ndi yochepetsa kukula kwa nambala iliyonse. Wogulitsa tomato mumsika wa Kawale sawerengera matambala, amangoti K500, ndipo malonda amayenda. Momwemonso, kompyuta ikamalemba manambala ambiri mwachidule, pogwiritsa ntchito theka la malo, masamu amathamanga ndipo zotsatira sizisintha kwenikweni.

Kuti Chichewa chidakumanapo kale ndi laibulaleyi ndi ochepa akudziwa. Mu 2022, gulu la akatswiri oposa 1,000 ochokera m'maiko osiyanasiyana, pansi pa dzina loti BigScience, lidaphunzitsa model yotchedwa BLOOM, ya manambala 176 biliyoni, pogwiritsa ntchito DeepSpeed. Ntchitoyi idachitikira pa kompyuta yaikulu ya boma la France yotchedwa Jean Zay, pa ma GPU 384, kwa miyezi yoposa itatu. Mwa zilankhulo 46 zomwe BLOOM idaphunzira mudali Chichewa ndi Chitumbuka.

Komatu gawo la zilankhulo ziwirizi lidali lochepetsetsa, losayandikira n'komwe peresenti imodzi ya zolemba zonse zomwe model idawerenga. Laibulale idagwira ntchito yake, ma GPU adalipo, ndalama zidalipo. Chomwe chidasowa chidali Chichewa cholembedwa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga.

Poyambira

Kwa wachinyamata wa ku Mgona kapena ku Area 23 yemwe ali ndi laputopu yogula kwa munthu, njira yoyambira ilipo, koma DeepSpeed siili pachiyambi pake.

Choyamba ndi chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Python, chomwe chimagwira pa laputopu iliyonse ndipo akachiika sichifuna intaneti. Kenako ndi PyTorch. Munthu ayenera kuyamba waphunzitsapo model yaing'ono, mwachitsanzo yozindikira manambala olembedwa pamanja, n'kumvetsa bwino chomwe chikuchitika pamzere uliwonse. Wofulumizitsa chinthu chomwe sakuchimvetsa amangofulumizitsa zolakwika zake.

Chachiwiri ndi kubwereka GPU. Google ili ndi malo otchedwa Colab, komanso ena otchedwa Kaggle, momwe munthu amagwiritsa ntchito GPU yaulere kudzera pa intaneti kwa maola owerengeka. GPU yomwe nthawi zambiri imapezeka mwaulere ndi ya mtundu wa T4, ya memory ya 16GB. Ubwino wake kwa Mmalawi n'ngwakuti mafailo akuluakulu amatsitsidwira pa makina a Google komweko, osati pa laputopu yake, choncho bandulo imadyeka pang'ono. Magetsi akathima ku Biwi, makina a Google sathima nawo, ngakhale kuti kulumikizana kukaduka nthawi yaitali ntchito itha kuimitsidwa.

Chachitatu ndi kuyeza. Asanawonjezere laibulale iliyonse, munthu ayenera kulemba kuti model yake ikutenga mphindi zingati ndipo ikudya memory yochuluka bwanji. Popanda manambala amenewa sangadziwe ngati chomwe wawonjezeracho chathandiza kapena chaononga.

Akafika apa, kuika DeepSpeed n'kwapafupi. Amalemba mzere umodzi woti pip install deepspeed. Kenako amakonza kafailo kakang'ono ka mtundu wa JSON momwe amanenamo zomwe akufuna: zitsanzo zingati ziwerengedwe panthawi imodzi, manambala alembedwe mwachidule kapena ayi, ndiponso ZeRO igawe katundu mpaka pati, pakuti ili ndi masitepe atatu. Pomaliza amasintha mizere yochepa mu pulogalamu yake kuti model idutse m'manja mwa DeepSpeed. Laibulaleyi imathanso kusunga pomwe ntchito yafika, kuti ikaduka munthu asayambirenso pachiyambi. Kwa wokhala m'dera lomwe magetsi amathima osatsanzika, chizolowezi chosunga ntchito pafupipafupi n'chofunika kuposa china chilichonse.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. DeepSpeed idapangidwira makamaka makina a Linux okhala ndi ma GPU, ndipo phindu lake lalikulu limaoneka ma GPU akakhala ambiri. Kusungitsa katundu kwa neba nakonso kuli ndi mtengo wake: kupita ndi kubwera kumadya nthawi, ndipo nebayo ayenera kukhala ndi nyumba yaikulu. Model ya 13 biliyoni ija imafuna memory wamba yoposa 150GB, pomwe malaputopu ambiri ali ndi 4GB kapena 8GB. Pa model yaing'ono yokwana kale mu GPU imodzi, DeepSpeed nthawi zina siwonjezera liwiro lililonse.

N'chifukwa chake woyamba kumene amapindula kwambiri ndi njira zina zopepukirapo. Imodzi ndi LoRA, yomwe akatswiri a Microsoft adafalitsa mu 2021. Nzeru yake ndi ya telala wa pakhonde yemwe sasoka jekete yatsopano koma amatenga ya pakaunjika n'kuibweza m'chiuno ndi m'mikono kuti ikwane mwini wake. Munthu amatenga model yomwe ena adaphunzitsa kale ndi ndalama zawo, n'kuphunzitsa timanambala tochepa towonjezera kuti igwire ntchito yomwe iye akufuna. Mu 2023, akatswiri a pa yunivesite ya Washington adaiwongolera njirayi n'kuitcha QLoRA, ndipo adaonetsa kuti model ya manambala 65 biliyoni itha kukonzedwa chotero pa GPU imodzi ya 48GB. Ma model ang'onoang'ono amakwana pa GPU yaulere ija.

Chaka chomwecho, Georgi Gerganov wa ku Bulgaria adatulutsa pulogalamu ya llama.cpp, yomwe imalola model yophunzitsidwa kale kuyankha mafunso pa laputopu yopanda GPU ndiponso popanda intaneti. Model ya manambala 7 biliyoni, yomwe imatenga malo pafupifupi 14GB, ikapanikizidwa imatsika kufika cha m'ma 4GB. Failo yotere munthu mmodzi atha kuitsitsa kamodzi, anzake n'kumagawana pa fulashi monga momwe amagawanirana nyimbo ndi mafilimu.

Zomwe laibulale singathetse

Ngakhale pulogalamu ikhale yaulere, imafuna moto. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe mudali anthu 989,318, ndipo m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi. M'matauni chiwerengerochi chimakwera, koma kukhala ndi waya wa Escom sikutanthauza kukhala ndi magetsi. Mu January 2022, namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023. Miyezi imeneyo, aliyense yemwe ntchito yake imadalira soketi adaona zakuda, kuyambira ometa ndi owotcherera mpaka olemba mapulogalamu.

Chachiwiri ndi ndalama zakunja. Maola aulere akatha, GPU yobwereka imalipiridwa pa ola, m'madola, kudzera pa khadi ya kubanki. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndipo idagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Yemwe adakonza bajeti yake kugwa kwachiwiriku kusanachitike adadzuka n'kupeza kuti ola lomwelo la GPU yomweyo likufuna makwacha ochuluka kwambiri. Kusowa kwa madola m'mabanki m'zaka zimenezi kudachititsanso kuti ngakhale wokhala ndi makwacha avutike kulipira kunja.

Apa ndi pomwe mawu oti kufulumizitsa amasintha tanthauzo. Kwa kampani ya ku America, liwiro ndi nkhani ya mpikisano, kutulutsa chinthu mnzako asanatulutse. Kwa Mmalawi, liwiro ndi ndalama. Ntchito ya maola 20 ikatsika kufika pa maola 8, itha kukwana m'maola aulere, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti ntchitoyo ichitika kapena sichitika n'komwe. Choncho luso lochepetsa memory ndi nthawi n'lofunika kwambiri kwa wa ku Chinsapo kuposa kwa wogwira ntchito ku Microsoft komwe lidachokera.

Chachitatu ndi intaneti. Kubwera kwa Starlink m'dziko muno mu 2023 kudapereka njira ina pambali pa TNM ndi Airtel, koma mtengo wa zipangizo zake ndi malipiro a pamwezi n'zoti gulu kapena bungwe ndilo lingakwanitse, osati wophunzira mmodzi wokhala m'nyumba ya lendi.

Chichewa chili kuti?

Ngakhale mavuto atatuwa atatha mawa, lingatsale lomwe BLOOM idakumana nalo. Model imadziwa zomwe yawerenga basi. Pa Wikipedia, nkhani za m'Chingerezi n'zoposa 6 miliyoni, pomwe za m'Chichewa zili cha m'ma 1,000. Chichewa chambiri chili pakamwa, pawailesi, m'mauthenga a pa WhatsApp, ndi m'mapepala omwe sadalowepo mu kompyuta.

Kuchepaku kumakhudzanso liwiro. Model siwerenga liwu lathunthu, imaliduladula m'tizidutswa, ndipo mpeni wodulirawo udanoledwa pa Chingerezi. Liwu loti sindikadakuuzani, lomwe Mmalawi amalimva ngati limodzi, model yotere imaliphwanya m'tizidutswa tambiri topanda tanthauzo. Tizidutswa tikachuluka, masamu amachuluka, nthawi imatalika, ndipo malo omwe amalipiritsa powerengera tizidutswa amadula wolankhula Chichewa kuposa wolankhula Chingerezi pa uthenga wofanana.

Pali omwe adayamba kale kulimbana ndi vutoli. Dr Amelia Taylor wa ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, komwe kuli Kuyesera AI Lab, adatsogolera ntchito yosonkhanitsa nkhani za m'Chichewa n'kuziika m'magulu monga ndale, umoyo ndi ulimi. Mu 2021, nkhanizi zidagwiritsidwa ntchito pampikisano wa pa Zindi, malo a pa intaneti pomwe akatswiri a mu Africa amapikisana kupanga ma model. Nkhanizo zidali masauzande owerengeka chabe, koma zidapatsa ophunzira poyambira. Ntchito yosanja nkhani zotere imatheka bwino lomwe pa GPU yaulere, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha ntchito yoyamba kwa yemwe akufuna kuona ndi maso ake zomwe laibulale yofulumizitsa imasintha.

Palinso gulu la Masakhane, lomwe lidayamba mu 2019 kusonkhanitsa anthu ofuna kuti zilankhulo za mu Africa zilowe m'makompyuta, ndipo aliyense atha kulowamo mwaulere. Msonkhano wa Deep Learning Indaba udayamba mu 2017 ku Johannesburg, ndipo misonkhano yake ing'onoing'ono yotchedwa IndabaX yachitikapo m'dziko muno.

Pantchito yosonkhanitsa Chichewa, wa ku Kawale ali ndi mwayi womwe katswiri wa ku California alibe. Amadziwa kuti mawu oti zayenda bwanji akusiyana ndi oti zikuyenda bwanji, amadziwa Chichewa cha m'minibasi ndi cha pamaliro, amadziwa pomwe model yamasulira zopanda mutu. Kulemba, kujambula mawu ndi kukonza zolakwika sikufuna GPU. Kumafuna kudekha ndi chilolezo cha eni mawuwo.

Nkhani ya chilolezo si yocheza. Mu 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act, ndipo bungwe la Macra ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Wachinyamata yemwe angatenge mauthenga a anthu kapena zolemba za odwala n'kuzikweza pa makina aulere a kunja popanda chilolezo atha kupezeka waphwanya lamulo, ngakhale cholinga chake chidali chabwino.

Akapanda kuyamba, ataya chiyani?

Deep learning ikugwira kale ntchito pa miyoyo ya Amalawi. Google idaika Chichewa mu pulogalamu yake yomasulira mu December 2014, ndipo kampani ya Meta idaika Chinyanja m'gulu la zilankhulo 200 za model yake yomasulira mu 2022. Ku Blantyre, kafukufuku yemwe adafalitsidwa mu 2021 adayesa pulogalamu ya ku Netherlands yotchedwa CAD4TB, yomwe imayang'ana zithunzi za X-ray za pachifuwa n'kuloza omwe akuganiziridwa kuti ali ndi TB. Mu 2024, bungwe la Opportunity International lidayambitsa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp yoyankha mafunso a alimi m'Chichewa ndi m'Chingerezi, yomwe idamangidwa pa ChatGPT ndi buku la malangizo a ulimi la unduna wa zamalimidwe.

Zonsezi n'zothandiza, koma injini zake zili kunja. Mwini injini akakweza mtengo, akasintha malamulo kapena akatseka, wogwiritsa ntchito kuno alibe ponena. Ikalakwitsa Chichewa pankhani ya mlingo wa mankhwala ophera mbozi, pafunika munthu wa konkuno wodziwa kuitsegula n'kuikonza. Anthu otere sagwa kumwamba, amayambira pa timodel tating'ono ndi maola aulere.

Lilongwe ili ndi phunziro lake pankhani yokonza luso kuti ligwirizane ndi zomwe zilipo. Cha m'ma 2001, bungwe la Baobab Health, lomwe adayambitsa Gerry Douglas, lidaika pachipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe pano chimatchedwa Kamuzu Central, timakompyuta tongodina pagalasi tolembera odwala. Tinkadya moto wochepa ndipo tinkathandizidwa ndi mabatire kuti magetsi akathima ntchito isaime. Njirayi idafalikira m'zipatala zambiri, ndipo ntchito yaikulu yolemba mapulogalamu ake idagwiridwa ndi Amalawi. Sadadikire kuti magetsi ayambe alongosoka.

Malo ophunzirira nawonso akuwonjezeka. Rachel Sibande adayambitsa mHub mumzinda wa Lilongwe mu 2013. Unicef idatsegula African Drone and Data Academy mumzinda womwewu mu January 2020. Mu July 2022, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adatsegula National Data Centre ku Blantyre, ndipo mu October 2023 yunivesite ya MUST ku Thyolo idakhazikitsa likulu la maphunziro a AI. Kunja kwa malire, Strive Masiyiwa wa ku Zimbabwe adalengeza mu March 2025 kuti kampani yake ya Cassava Technologies iika ma GPU a Nvidia mu Africa, kuyambira ku South Africa kenako Egypt, Kenya, Morocco ndi Nigeria. Malawi sadali pamndandanda umenewo.

Chomwe achinyamata a m'makwalala akusowa si chachikulu ngati kompyuta ya Jean Zay. Chipinda chimodzi chokhala ndi sola, intaneti yodalirika ndi makina ochepa a GPU, chotsegulidwa kwa aliyense wolembetsa maola ake, chingasinthe zambiri ku Area 25 kapena ku Kawale. Pamalo otere, pomwe pali ma GPU awiri kapena anayi, ndi pomwe nzeru yogawana katundu ya DeepSpeed imayamba kupindulitsa. Mayunivesite, makampani a mafoni ndi boma akadagwirizana kuti malipiro a makina otere azikhala m'makwacha, chopinga cha madola chikadachepa.

Chinanso chili m'manja mwa mabungwe omwe akusunga Chichewa cholembedwa ndi chojambulidwa. MBC ili ndi mapulogalamu a zaka zambiri, boma lidasindikiza nyuzipepala ya Boma Lathu, maunduna a zaumoyo ndi zamalimidwe ali ndi timabuku ta malangizo, ndipo Centre for Language Studies ku Zomba idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Zina mwa izi zikadaikidwa mu kompyuta ndi chilolezo chomveka bwino, cholemekeza eni ake, ophunzira akadakhala ndi chophunzitsira ma model awo.

Podikira zimenezo, woyamba lero asathamangire model ya mabiliyoni, pakuti ukapanda mano usamaswe phale. Aphunzire Python, atsegule Colab, atenge nkhani za m'Chichewa zomwe zilipo kale, aphunzitse model yaing'ono, alembe mphindi zomwe yatenga, kenako ayese kuzichepetsa. Ngati ali ndi anzake anayi, mmodzi atsitse mafailo usiku bandulo ikatchipa, wina alembe ziganizo, wina ayeze zotsatira. Laibulale ija idzakhala ikudikira pa intaneti, yaulere monga momwe idaliri mu 2020, tsiku lomwe model yawo idzakule mpaka kusakwananso mu GPU imodzi.